Shakespeare in Love, kodi ndi filimu yachikondi chabe?

Nabanda_BT: Anthu a pagulu pano ndati ndifunse, alipo ena anaonera Shakespeare in Love ya 1998 ija? Chifukwa ine ndikuona ngati filimu imeneyi anthu amangoipeputsa dala, ukangoitchula wina amati aaa ija inabera Oscar ija, basi nkhani yathera pompo. Koma mukaionetsetsa muli zambiri mmenemuja, nthabwala zake nzanzeru, zovala zake, komanso mmene anaonetsera mavuto amene anthu azisudzo amadutsamo kuti sewero lifike pa siteji. Ine mbali imeneyo ndi imene imandigwira mtima kuposa zopsopsonanazo.

Gaba_wa_Kanema: Achemwali ine ndinaionera ndipo sindikana kuti imasangalatsa, koma inaberadi. Chaka chimenecho kunali Saving Private Ryan ya Steven Spielberg, maminitsi oyambirira aja asilikali akutsika pa gombe la Omaha munthu umaiwala kupuma. Nde mundiuze kuti filimu ya mnyamata wothamangitsa mtsikana pa bwato ingapose imeneyo?

Mayi_a_Mapasa: Ine sindinaione, tandifotokozereni kaye nkhani yake musanayambe kukangana

Nabanda_BT: Mayi nkhani yake ili chonchi. Ndi ku London mu 1593, Will Shakespeare akadali mnyamata wa zaka 29, sanatchuke kwenikweni, wotchuka nthawi imeneyo ndi Christopher Marlowe. Nde Will nzeru zamuthera, walonjeza sewero kwa Philip Henslowe mwini nyumba ya zisudzo yotchedwa Rose, sewerolo mutu wake ati Romeo and Ethel, the Pirate's Daughter, lanthabwala, koma papepala palibe ngakhale liwu limodzi. Pomwe Henslowe naye ali pa ngongole yoopsa kwa wakatapila wina dzina lake Fennyman, moti filimu imayamba anyamata a Fennyman akumuwamba mapazi pa makala amoto kuti abweze ndalama. Kwinaku kuli mtsikana wa ku banja lolemera, Viola de Lesseps, amakonda ndakatulo ndi zisudzo kwambiri koma akazi sankaloledwa kukwera pa siteji, nde amamanga mabere ndi nsalu, kuvala wigi ndi ndevu zomata, nkudzitcha Thomas Kent, nkupita kukayesedwa. Amupatsa mbali ya Romeo. Kenako Will azindikira kuti Thomas Kent ndi mtsikana yemwe uja anamuona ku dansi, akondana, ndipo chikondi chawocho ndi chimene chikusandutsa sewero lanthabwala lija kukhala Romeo and Juliet. Vuto nlakuti bambo ake a Viola anamupereka kale kwa Lord Wessex, munthu wa dzina lalikulu koma wopanda ndalama, amene akufuna chuma cha mtsikanayo kuti akatukule minda yake ya fodya ku Virginia.

Mayi_a_Mapasa: Ohoo. Nde zimenezi zinachitikadi?

Aphunzitsi_a_Lit: Ayi mayi, ndi nkhani yopeka, ndipo olemba ake Marc Norman ndi Tom Stoppard sananamizepo munthu kuti akulemba mbiri. Viola kunalibe, Wessex ameneyu kunalibe. Romeo and Juliet Shakespeare sanaitole pa chibwenzi chake, anaitenga pa ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562, imenenso inachokera ku nthano za ku Italy. Ngakhale minda ya fodya ya ku Virginia ija nyosatheka mu 1593, poti Jamestown Angelezi anaikhazikitsa mu 1607. Koma anthu ambiri ozungulira nkhaniyo ndi enieni. Henslowe analikodi, Rose anaimanga mu 1587, ndipo anasiya buku limene ankalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, amene wamubwereka, masewero amene aonetsa tsiku lililonse, mpaka lero akatswiri amadalira buku limenelo kuti adziwe mmene bizinesi ya zisudzo inkayendera. Ned Alleyn analiko, anali katswiri wa gulu la Admiral's Men. Richard Burbage, katswiri wa gulu lina la zisudzo, analiko. Edmund Tilney amene ankapereka chilolezo cha masewero analiko. Mliri umene unatseketsa nyumba za zisudzo nawo ndi woona. Marlowe anaphedwadi ku Deptford pa 30 May 1593. Ndiye chimene anachita olembawo ndi kutenga mafupa enieni nkuwaveka mnofu wopeka, ndipo anachita mwaluso.

Gaba_wa_Kanema: Nde aphunzitsi mwavomereza nokha kuti nkhaniyo ndi bodza. Ryan ija D-Day, tsiku limene asilikali aja anatsika pa gombe la Omaha ku France, inachitikadi, 6 June 1944

Aphunzitsi_a_Lit: D-Day inachitika achimwene, koma Captain Miller ndi ulendo wokasaka Ryan uja nawonso ndi wopeka, anangotengerako ganizo pa nkhani ya abale a banja la Niland. Mafilimu onse awiri akuchita chimodzimodzi, nthawi yeniyeni anthu opeka. Kusiyana kwake nkwakuti ina ikukuliritsa ndi nkhondo ina ikukuseketsa, ndipo ife tinazolowera kuganiza kuti choseketsa nchopepuka. Kulemba nthabwala yoti iseketse munthu amene sanawerengepo Shakespeare, nthawi yomweyo nkuseketsanso pulofesa amene wamuwerenga moyo wake wonse, si ntchito yamasewera ayi.

WaZisudzo_Zomba: Pamenepo aphunzitsi mwalasa. Ine ndachita zisudzo kuyambira nthawi ya mpikisano wa ATEM ku sekondale mpaka pano tili ndi kagulu kathu, ndipo ndikukuuzani kuti palibe filimu ina imene ndinaonapo yonena zoona za ntchito yathuyi ngati imeneyi. Zachikondi za Will ndi Viola ndi galimoto chabe yonyamulira katundu, katundu weniweni ndi sewerolo. Taonani mmene zikuyendera, wolemba sanamalize sikiripiti koma anthu ayamba kale kuyeserera, tsiku lililonse akubweretsa mapepala awiri atatu inki isanaume. Mwini holo ali pa ngongole. Amene waika ndalama akufuna aziona chilichonse. Akitala wamkulu akuwerenga mizere yake kuti aone ngati ili yambiri kuposa ya anzake. Telala akupatsidwa mbali musewero chifukwa bwana ali naye ngongole. Aboma akubwera kudzatseka. Izi zonse ife timakumana nazo ndithu, kulipira holo ndi ndalama yobwereka ukudalira za pageti, munthu wofunika kwambiri kusowa tsiku lomwe mukuonetsa, aliyense akukalipira mnzake kuseri kwa katani, koma nthawi ikakwana mumatuluka nkuchita, ndipo penapake zimatheka. Henslowe amati akafunsidwa kuti zitheka bwanji amangoti zitheka, kaya bwanji, nchinsinsi. Aliyense amene wachitapo zisudzo akamva mawu amenewo amagwedeza mutu.

Nabanda_BT: Eya! Ndipo Fennyman uja ndi amene ndimamukonda kuposa onse. Munthu uja akuyamba ngati chilombo, chimene akudziwa ndi chiwongoladzanja basi, akubwera ku Rose kudzalondera ndalama zake. Koma akangokhala pansi kumvetsera anthu akuyeserera nkhope yake imasintha pang'onopang'ono, mpaka amayamba kukalipira Henslowe kuti akhale chete anthu akuchita sewero. Nde Will atamupatsa kambali kakang'ono ka wogulitsa mankhwala uja amene amagulitsa poizoni kwa Romeo, munthu wamkulu uja amangoyenda mu msewu akuloweza timizere take tija ngati mwana wa sukulu, ali ndi chipewa chake cha buluu chimene wakonzera sewerolo. Tom Wilkinson anachita bwino zedi pamenepo. Kwa ine chikondi chachikulu mu filimu muja ndi chimenecho, wakatapila kugwa m'chikondi ndi zisudzo.

WaZisudzo_Zomba: Ndipo tsiku la sewero amathamangira mzere wake asanamalize Romeo kulankhula, chifukwa cha mantha. Zimachitikadi zimenezo kwa munthu woyamba kumene

Telala_Wanu: Poti mwatchula telala ndilankhuleko. Wabash, telala wachibwibwi uja. Ine pamene amamukankhira pa siteji kuti atsegulire sewero ndi mawu oyamba aja ndinagwira mtima m'manja, anthu adzadza nyumba yonse, iye wakakamira pa chilembo choyamba, Will ali kuseri wafooka nkhongono. Kenako mawu amamasuka nkuyamba kuyenda osakhumudwa ngakhale pamodzi mpaka kumapeto. Sanamuseke filimu muja pa nthawi imeneyo, anamupatsa ulemu. Komanso monga munthu wa singano ndinene za zovala, Sandy Powell anatenga Oscar ya zovala ndipo anayenera. Mukaona madiresi a Mfumukazi Elizabeth, makolala aja oimirira ngati mapiko, mikanda yosokerera umodziumodzi, kenako muyang'ane jekete la Will lachikopa lobiriwira lija lokutha m'zigongono, zala zake zakuda ndi inki. Chovala chilichonse chikukuuza kuti munthuyu ali ndi ndalama zingati asanatsegule pakamwa.

Gaba_wa_Kanema: Za zovala sinditsutsa, za nyimbo za Stephen Warbeck sinditsutsanso. Koma ma Oscar 7 anthuni? Pa 13 amene inapikisana? Filimu yabwino koposa, Gwyneth Paltrow amene anasewera Viola, Judi Dench amene anasewera mfumukazi, sikiripiti, zovala, nyimbo, kamangidwe ka malo. Aliyense akudziwa kuti kampani ya Miramax ya Harvey Weinstein inathira ndalama zankhaninkhani pokopa ovota, ndipo kuyambira chaka chimenecho kampeni ya ma Oscar inasanduka nkhondo. Spielberg anamupatsa ya dayirekita wabwino koposa, John Madden wa Shakespeare in Love sanapate, nde zikutheka bwanji kuti filimu yabwino koposa ikhale ya dayirekita amene sanapambane? Ndipo Weinstein yemweyo tonse tikudziwa zimene zinaululika mu 2017 mpaka kukalowa m'ndende.

Nabanda_BT: Achimwene za Weinstein nzonyansa ndipo palibe akumuikira kumbuyo pano, Gwyneth Paltrow mwiniwake ndi mmodzi mwa akazi amene anaulula kuti anamuvutitsapo. Koma Weinstein sanalembe sikiripiti, sanasoke diresi, sanaime kutsogolo kwa kamera. Anthu mazanamazana anagwira ntchito pa filimu ija. Kampeni ikhoza kugula mavoti koma singandigule ine kuti ndilire pa mpando wanga patatha zaka zoposa 25, ndipo ndimalira ndithu Juliet akamadzuka m'manda muja.

Mjomba_wa_ku_Leeds: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Pa nkhani ya Gwyneth ndili mbali ya Gaba pang'ono, chaka chimenecho Cate Blanchett anachita zoopsa mu Elizabeth, komanso mayi wa ku Brazil uja Fernanda Montenegro mu Central Station, ine ndikanapereka kwa mmodzi mwa awiriwa. Koma izi sizikutanthauza kuti Gwyneth anachita zoipa ayi. Mtsikana wa ku America wa zaka za m'ma 20 kulankhula Chingelezi cha kuno mpaka eni ake osadandaula, kusewera Viola, kusewera Thomas Kent, kusewera Romeo ali Thomas Kent, kenako Juliet, zonse mu filimu imodzi. Chinthu china chosangalatsa, Joseph Fiennes (Will) ndi Geoffrey Rush (Henslowe) ali mu mafilimu onse awiri, Elizabeth ndi iyi, chaka chimodzi, ndipo mfumukazi yake ndi imodzimodzi, kwina ili mtsikana kwina ili ndi zaka 60.

Mayi_a_Mapasa: Pepani ndikubwezeni m'mbuyo. Ndimakumbukira ku sukulu anatiuza kuti Shakespeare anali ndi mkazi ndi ana, kuphatikizapo mapasa. Nde mu 1593 mkaziyo anali kuti pamene bambowa amakwera makonde a atsikana?

Aphunzitsi_a_Lit: Mwakumbukira bwino mayi. Anakwatira Anne Hathaway mu 1582 ali ndi zaka 18, mkaziyo ali ndi 26, anabereka Susanna mu 1583 kenako mapasa Hamnet ndi Judith mu 1585. Banja linatsala ku Stratford-upon-Avon iye akugwira ntchito ku London. Filimu sibisa zimenezi, Viola amazimva ku malo omwera mowa Henslowe atalankhula mosaganiza, ndipo amathawa akulira.

Mayi_a_Mapasa: Nde basi ine zandithera kukoma. Mwamuna wapabanja, ana atatu kumudzi, akunamiza mwana wa eni ake mu tauni, ife tiziombera m'manja ati chikondi? Mayi uja ku Stratford akulera ana yekha palibe amene akumulembera ndakatulo.

Nabanda_BT: Mayi mfundo yanu ndi yolemera ndipo ine sindiikana. Filimu ija Anne inamulakwira, sitimuona nkomwe, timangomva Will akudandaula kuti banja lake linazizira kalekale, mbali ya mkaziyo palibe amene akuinena. Pamenepo ndi pofooka pake. Koma chimene ndikupempha ndi chakuti muione mpaka kumapeto, chifukwa siimawapatsa mphotho anthu awiriwa. Sathawira limodzi. Viola akukwatiwa ndi Wessex m'tchalitchi, ndipo mfumukazi imene ili ndi mphamvu zonse mu England imanena poyera kuti amene Mulungu wawamanga pamodzi ngakhale iyo singawalekanitse. Mtsikana akukwera chombo kupita ku Virginia ndi mwamuna amene sakumukonda, Will akutsala ndi pepala ndi nthenga yolembera. Mafilimu ambiri achikondi akanapeza njira yophera Wessex kuti anthu atuluke akusekerera. Iyi inakana, ndipo nchifukwa chake imakhala mu mtima nthawi yaitali.

Mayi_a_Mapasa: Chabwino ndiiona, koma Will ameneyo sindimukhululukira msanga

WaZisudzo_Zomba: Musamukhululukire mayi, filimuyo simufuna kuti akhale woyera. Ndi wabodza, walonjeza sewero limodzi kwa Henslowe ndi kwa Burbage yemwe, amatola mawu a anthu mu msewu nkuwaika m'sewero lake. Mlaliki uja akutemberera nyumba ziwiri za zisudzo, Rose ndi Curtain, Will akungodutsa koma khutu lili pompo, kenako temberero lomwelo mulimva m'kamwa mwa Mercutio, mnzake wa Romeo, akufa. Ngakhale maziko a nkhani amachita kupatsidwa ndi Marlowe pa mowa, kuti Romeo akhale wa ku Italy, mtsikanayo akhale mwana wa mdani wake, mnzake wapamtima aphedwe pa ndewu. Ndipo dzina loti Romeo and Juliet akumupatsa ndi Ned Alleyn. Ine zimenezi zimandisangalatsa chifukwa zikuchotsa maganizo oti wolemba ndi munthu wokhala yekha m'chipinda nzeru zikugwa kuchokera kumwamba. Sewero limalembedwa ndi gulu lonse, wina waponyapo ichi wina ichi, luso la wolemba ndi kudziwa choti atole ndi choti ataye.

Gaba_wa_Kanema: Ben Affleck ngati Ned Alleyn ndiye ndinamukonda, ndisaname. Amalowa ngati mwini dziko, akutchula mbali zonse zazikulu zimene wasewerapo, nde Will kuti amukope amamunamiza kuti sewerolo mutu wake ndi Mercutio. Kenako munthu wodzikonda uja atawerenga nkuona kuti akufa pakati pa sewero, m'malo mokwiya amavomereza kuti sewerolo ndi labwino. Pamenepo ndinaona kuti olemba amawadziwa ma akitala.

Nabanda_BT: Mwayamba kubwera achimwene

Gaba_wa_Kanema: Sindinabwere, ndikungonena pamene pali pabwino. Funso langa lina ndi Judi Dench. Maminitsi pafupifupi 8 okha pa sikirini nkutenga Oscar? Ambiri amati anangomupepesa chifukwa chaka chapitacho anamumana pa Mrs Brown pamene anasewera Mfumukazi Victoria, filimu ya John Madden yemweyo.

Aphunzitsi_a_Lit: Mwina kupepesa kunalipo, koma tawerengani zimene akuchita m'maminitsi amenewo. Nkhani yonse yapachikidwa pa iye. Ku Greenwich ndi iye amene akufunsa Viola pamaso pa anthu ngati sewero lingathe kuonetsa chikondi chenicheni mmene chilili, iye akuti olemba masewero amachikongoletsa, kapena kuchisandutsa nthabwala, kapena chilakolako, koma sangachionetse choona. Mpamene pakubwera kubetcha kwa mapaundi 50 pakati pa Wessex ndi Will amene wadzibisa ngati mayi woperekeza Viola. Nde filimu yonse kuchokera pamenepo ikuyankha funso la mfumukazi. Kumapeto Tilney akubwera ndi asilikali kudzamanga onse chifukwa mkazi wakwera pa siteji, mfumukazi ikuvula chofunda pakati pa anthu, inali momwemo nthawi yonseyi. Ikumuyang'ana Viola m'maso, ikudziwa bwinobwino kuti ndi mkazi, koma ikulengeza kuti ameneyu ndi Thomas Kent, mwamuna, ndipo palibe angatsutse. Kenako ikunena motsitsa kuti iyo ikudziwapo kanthu za mkazi amene akugwira ntchito ya amuna. Elizabeth analamulira England kuyambira 1558 mpaka 1603 wosakwatiwa, atazunguliridwa ndi amuna okhaokha. Mzere umodzi umenewo Dench amaunena mwa njira yoti umaona zaka zonsezo pa nkhope yake. Ena amakhala pa sikirini maola awiri osasiya kanthu kotero.

Mjomba_wa_ku_Leeds: Komanso pa chithaphwi paja, nduna zonse zikuchedwa kuvula majasi kuti ayale, iye amangoponda m'matope akuti mwachedwa. Kuno nthano ya Walter Raleigh kuyala jasi pa matope kuti mfumukazi idutse mwana aliyense amaidziwa, nde anthu amafa nako kuseka pamenepo. Nthabwala zotere zadzadza, kapu ya Will yolembedwa kuti mphatso yochokera ku Stratford ngati zogulitsa kwa alendo masiku ano, wopalasa bwato pa Thames amene amalankhula ngati woyendetsa takisi wa ku London ndipo nayenso ati walemba sewero lake akufuna Will aliwerenge, sing'anga amene Will amakagona pa benchi yake kumuuza mavuto ake nthawi ikuyezedwa ndi mchenga.

Aphunzitsi_a_Lit: Ndi kamnyamata kaja kosewera ndi mbewa, kamene kamati m'sewero kamakonda pamene anthu akudulidwa mitu ndi kubayana. Kakafunsidwa dzina kamati John Webster. Amene sakumudziwa amangoona mwana wankhanza, amene akumudziwa amaseka chifukwa Webster anadzakula nkulemba The Duchess of Malfi, limodzi mwa masewero okhetsa magazi kwambiri a nthawi imeneyo. Dzanja la Stoppard limenelo, ndi yemwe uja analemba Rosencrantz and Guildenstern Are Dead m'ma 1960, kutenga anthu awiri ang'onoang'ono a mu Hamlet nkuwaika pakati. Koma chimene ndimayamikira nchakuti ngakhale usazigwire nthabwala zobisikazi sutaya kanthu, nkhani ikuyendabe.

Telala_Wanu: Funso aphunzitsi, zoti akazi sankaloledwa pa siteji nzoona? Nde Juliet ankasewera ndani?

Aphunzitsi_a_Lit: Nzoona kuti m'magulu a zisudzo a ku London nthawi imeneyo munalibe akazi, mbali zonse za akazi ankasewera anyamata amene mawu awo sanayambe kukula. Akazi anayamba kuoneka pa siteji ya ku England mu 1660 Charles II atabwerera pa mpando. Nchifukwa chake mu filimu muja tsoka lalikulu ndi lakuti Sam, mnyamata wosewera Juliet, mawu ake amasweka m'mawa wa tsiku la sewero. Ndipo taganizani mmene anazipotozera, pa nthawi yoyeserera Romeo ndi mkazi wovala ngati mwamuna, Juliet ndi mwamuna wovala ngati mkazi. Tsiku lenileni lokha ndi pamene zinthu zikukhala m'malo mwake, Will ndi Romeo, Viola ndi Juliet, akutsanzikana pamaso pa anthu onse ndi mawu amene analembera limodzi pa bedi, iye atangokwatiwa kumene m'mawa womwewo. Oonerera akuganiza kuti akuona sewero, ife tikudziwa kuti kutsanzikanako nkoona.

WaZisudzo_Zomba: Ndipo sewero likatha pamakhala chete uja. Palibe woomba m'manja, ochita sewero aima akuyang'anana kuti kodi talakwitsa chani. Kenako nyumba yonse iphulika, mpaka mlaliki uja amene ankatemberera zisudzo ali momwemo akuomba m'manja misozi ili mbwee. Chete ameneyo ndi amene aliyense wa ife amamusaka, kuseketsa anthu nkosavuta kwenikweni koma kuwakhalitsa chete anthu amene alipira khobidi limodzi kuti aimirire pansi, akudya, akumwa, akukuwa, ndi nkhani ina. China chimene chimandikhudza ndi Burbage. Rose itatsekedwa, mdani wawo pa bizinesi amene anamenyana naye masiku apitawo akubwera nkunena kuti tengani Curtain yanga muchitiremo, chifukwa aboma akatipondereza mmodzimmodzi tonse tatha. Umodzi umenewo pakati pa anthu azisudzo ndi umene ndimalakalaka titaugwira.

Mjomba_wa_ku_Leeds: Kwa amene angadzafike ku London, malo a Rose alipo mpaka lero ku Bankside, maziko ake anawapeza mu 1989 akukumba kuti amange nyumba ya maofesi, ma akitala otchuka anachita zionetsero kuti asawakwirire, pano ali pansi pa nyumbayo. Chapafupi pomwepo pali Globe yatsopano imene inatsegulidwa mu 1997, yofolera ndi udzu, pakati pake popanda denga, ndipo matikiti otchipa ndi a anthu oimirira kutsogolo kwa siteji ngati kale. Ndinakaimirira pamenepo ndipo ndinamvetsa chifukwa chake filimu ija inajambula nkhope za oonerera kwambiri, masana dzuwa likuwala akitala amakuona iwe ngati mmene iwe ukumuonera. Filimuyi anaisandutsanso sewero la pa siteji mu 2014 ku London komweko, analemba ndi Lee Hall.

Gaba_wa_Kanema: Chabwino, ndivomere izi, sikiripiti inayenera Oscar, Dench ndamusiya, zovala ndi nyimbo eya. Geoffrey Rush akanatha kutenganso. Koma filimu yabwino koposa ya 1998 kwa ine ikadali Ryan ndipo sindisuntha. Komanso Colin Firth anamuononga, Wessex alibe mbali ina iliyonse kupatula kukhala woipa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza nkhope ili gwaa.

Nabanda_BT: Pa Wessex ndikugwirizana nanu pang'ono, ngakhale m'tchalitchi muja ataona Will nkuganiza kuti ndi mzukwa wa Marlowe nkuthawa akukuwa anandiseketsa kwambiri. Ndipo mbali imeneyo ili ndi kulemera kwake, Will anadzitcha Marlowe pamaso pa Wessex kuti adzipulumutse, nde atamva kuti Marlowe waphedwa akukhulupirira kuti bodza lake ndi limene lamuphetsa, akugwada m'tchalitchi kulira. Kuchokera pamenepo sewero lake silingakhalenso lanthabwala, imfa yalowamo. Henslowe akufunsabe kuti nanga galu uja alowa pati, poti iye amakhulupirira kuti anthu amafuna chikondi ndi kagalu koseketsa basi, koma sewero lapita kale kwina.

Mayi_a_Mapasa: Nanga mapaundi 50 aja anapita kuti?

Nabanda_BT: Mfumukazi inagamula kuti Wessex waluza, ndalama zinapita kwa Will kudzera m'manja mwa Viola, ndi zimene ankafuna kuti agule gawo mu gulu la Burbage asiye kukhala wolembedwa ganyu. Inamutumiziranso uthenga kuti ulendo wina alembe chosangalatsa cha pa chikondwerero cha Twelfth Night. Nde potsanzikana awiriwa akupangira limodzi nkhani ya mtsikana wopulumuka pa ngozi ya chombo amene akuvala ngati mwamuna, dzina lake Viola.

Aphunzitsi_a_Lit: Apanso asewera ndi zaka, Twelfth Night yeniyeni inabwera cha m'ma 1601, ndipo pakati pake Shakespeare analemba masewero ena ambiri. Koma Viola alimodi m'sewero limenelo, chombo chikuswekadi, akuvaladi ngati mwamuna. Ine ana anga a Fomu 4 pamene tinkaphunzira Romeo and Juliet ndinkawaonetsa zigawo zina za filimuyi, makamaka sewero la kumapeto lija, chifukwa mwana amene wakhala akulimbana ndi Chingelezi chakale chija pa pepala akangomva mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwa munthu amene akulira, amamva tanthauzo lake ngakhale asadziwe liwu lililonse. Ndinkangowachenjeza kuti pa mayeso asakalembe kuti Juliet dzina lake lenileni anali Viola.

Mayi_a_Mapasa: Mwati zigawo zina, kutanthauza kuti siyoonera ndi ana? Anga ali ndi zaka 13

Aphunzitsi_a_Lit: Yonse ayi mayi, muli zakuchipinda ndipo malo ena Viola ali wosavala kumtunda, ku America anaiika m'gulu la mafilimu a akuluakulu. Yambani mwaionera nokha, ndi ya maola awiri ndi maminitsi ochepa. Anawo mukhoza kuwaonetsa poyambira paja anthu akuyesedwa, aliyense akunena mizere yomweyomweyo ya Doctor Faustus ya Marlowe mpaka Will kutopa, ndi kuyambira pamene Wabash akutuluka pa siteji ya Curtain mpaka mfumukazi kukwera ngolo yake.

Gaba_wa_Kanema: Ndipo mukamaliza imeneyo mayi muonerenso Ryan, koma imeneyonso ana akhale atagona, kenako mudzatiuze pano kuti Oscar inayenera kupita kuti